WOVULALA PA NTCHITO NDI CHIPUKUTA MISOZI CHAKE

Ngozi siinunkha. Munthu wogwira ntchito pa chigayo angathe kudzuka ali bwinobwino m'mawa, koma dzuwa lisanafike pamutu lamba wa chigayo n'kumudula zala zitatu. Bala lija lidzapola, koma dzanjalo silidzagwiranso khasu monga kale, ndipo ana ake adzafunabe chakudya. Chifukwa cha ichi boma linakhazikitsa lamulo la chipukuta misozi cha antchito, la Workers' Compensation Act, m'chaka cha 2000. Lamuloli limati wolemba ntchito alipire wantchito amene wavulala, kapena amene wadwala matenda obwera chifukwa cha ntchito yake. Wantchito sakakamizidwa kusonyeza kuti bwana wake ndiye analakwa. Chofunika ndi umboni woti ngoziyo inachitikadi pa ntchito.

Umboni umayambira kuchipatala

Ambiri amataya chipukuta misozi chawo tsiku loyamba lomwelo. Amamanga bala ndi kansanza, napita kunyumba kukaliotcha ndi madzi amchere. Bala likatukusira ndi pamene amafika kuchipatala, ndipo pamenepo bwana amapeza pokanira, nati, "Ameneyu anavulala kumunda kwake."

Tsono wovulala ayenera kuchita izi:

1. Auze kapitao kapena mwini ntchito nthawi yomweyo, pamaso pa anzake amene anaona ngoziyo.
2. Apite kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo afotokoze bwino kuti wavulala pa ntchito, kuti dokotala alembe zimenezi m'kabuku ka kuchipatala pamodzi ndi tsiku lake.
3. Asunge kabukuko, zithunzi za ekisileyi, malisiti a mankhwala ndi mapepala a malipiro ake.
4. Akanene ku ofesi ya za ntchito ya m'boma lake, imene ambiri amaitcha ku Leba. Bwana ali ndi udindo wokanena za ngoziyo, koma wovulala asadikire bwana.

A zachipatala nawonso akumbukire kuti mzere umodzi wolembedwa mosasamala ungathe kumanitsa banja lonse thandizo.

Kawerengedwe ka ndalama

Bala likapola, dokotala amayeza kukula kwa chilema chotsala, nachilemba monga gawo la pa 100. Lamulo la 2000 linaika kuti wolumala kotheratu alandire malipiro ake a miyezi 54, ndipo ngati wantchito wamwalira, amene ankadalira iye alandire malipiro a miyezi 42. Mwachitsanzo, munthu wolandira K100,000 pa mwezi akalumala kotheratu, chipukuta misozi chake ndi K5,400,000. Chilema chake chikayesedwa 10 pa 100, ndiye kuti ndi K540,000. Apa n'pamene paonekera kuipa kolandira kandalama ka m'manja ndi kusayina kapena kudinda chala pa pepala losalimvetsa. Wovulala asavomere ndalama yotsekera nkhani dokotala asanamuyeze komaliza.

Bwana akakana

Safunsa anadya phula. Ngati bwana akukana kapena kuzengereza, wovulala abwererenso ku Leba, kapena kwa atsogoleri a bungwe la antchito ngati ali membala. Palinso bungwe la boma la Legal Aid Bureau, limene linayamba ntchito mu 2015, ndipo limathandiza anthu osatha kulipira loya. Lili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Zomba, Mzuzu ndi m'maboma ena. Wopita kwa loya woyima payekha ayambe wamvana naye za malipiro, ndipo panganolo lilembedwe. Achenjerenso ndi anthu oyendayenda m'zipatala amene amalonjeza odwala ndalama zambiri, natenga mapepala awo. Milandu yotere ili ndi nthawi yake yoikika, ndipo wochedwa amapeza khomo lotseka.

Matenda obisala

Kuvulala kwina sikutulutsa magazi. Fumbi la miyala limaumitsa mapapo pang'onopang'ono, ndipo chifuwa ndi befu zimayamba patapita zaka zambiri munthu atasiya ntchito. Amalawi ambiri amene anapita ndi Wenela kukakumba golide ku Joni anapuma fumbi lotere. Mu 2019 khoti lalikulu la ku Johannesburg linavomereza pangano loti makampani asanu ndi limodzi a migodi ya golide alipire odwala matenda a fumbiwa ndi chifuwa chachikulu, kupyolera m'bungwe la Tshiamiso Trust. Panganoli limakhudza amene anagwira ntchito m'migodi ya makampaniwa pakati pa 1965 ndi 2019, pamodzi ndi mabanja a amene anamwalira. Ngakhale pamenepa chofunidwa ndi chomwecho: mapepala a ntchito ndi umboni wa dokotala.

Kupewa kuposa kuchiza, ndipo palibe ndalama yobweza chala chodulidwa. Komabe ngozi ikagwa, wovulala athamangire kuchipatala, ndipo kabuku kake akasunge pamalo osafika chiswe ndi madzi.