Mbewa Zoyesera Mankhwala a Malungo

Munthu akamwa madzi owiritsa masamba a nimu n'kupeza bwino, amati nimu wamuchiza malungo. Koma mwina sanali malungo, kapena thupi likanachira lokha. Kuti adziwe zoona, akatswiri amayamba ayesa chitsambacho pa mbewa.

Si mbewa zokumba kumunda zija ayi. Izi ndi zoyera, zowetedwa m'nyumba yofufuzira. Tizilombo ta malungo a anthu sitiswana mwa mbewa wamba, choncho amazipatsira kachilombo ka malungo a makoswe kotchedwa Plasmodium berghei, kamene kanapezeka ku Katanga m'dziko la Congo mu 1948.

Masamba kapena makungwa amawayanika pamthunzi, kuwasinja, n'kuwaviika m'madzi kapena mu ethanol. Akasefa, amaumitsa madziwo mpaka patsale mankhwala okhaokha.

Kenako mbewa zonse amazibaya jakisoni wa magazi okhala ndi tizilombo, n'kuzigawa m'magulu. Zina zimamwa mankhwala a chitsambacho pang'ono, zina ochulukirapo, molingana ndi kulemera kwake. Gulu lina limamwa chloroquine. Gulu lotsala limamwa madzi okha. Gululi ndi lomvetsa chisoni, komatu popanda ilo ntchito yonse ndi yachabe, chifukwa ndilo limaonetsa mmene matenda amakulira akapanda kuletsedwa.

Mbewa zimamwa kamodzi pa tsiku kwa masiku 4. Tsiku lachisanu amatenga kadontho ka magazi kunsonga ya mchira, kukapaka pa kagalasi, n'kuthirapo utoto wa Giemsa. Pa maikulosikopu kachilombo kamaoneka ngati kamphete mkati mwa selo lofiira la magazi. Wofufuza amawerenga maselo ogwidwa. Ngati mbewa za chitsamba zili ndi tizilombo tochepa kwambiri kuposa za madzi okha, ndiye kuti m'chitsambamo muli mphamvu.

Ku China, mayi wina wofufuza, Tu Youyou, ndi anzake anayesa zomera zambirimbiri pa mbewa. Chitsamba cha Artemisia annua chinkagwira lero, mawa ayi. Buku lina lakale linkanena zochiviika m'madzi n'kufinya, osati kuchiwiritsa. Apa mayiyo anaganiza kuti moto ndiwo unkapha mphamvu yake. Mu 1971 anachisungunula popanda kutentha kwambiri, ndipo tizilombo tonse tinafa mwa mbewa. Sanathamangire kupatsa odwala: anayesanso pa anyani, kenako iye mwini ndi anzake anamwa kuti aone ngati sichivulaza munthu.

M'chitsambamo munapezeka artemisinin, gwero la mankhwala amodzi mwa awiri amene ali mu LA, mankhwala a malungo amene zipatala za ku Malawi zinayamba kupereka mu 2007.