Buku la Mpumulo Silifuna Bodza

Mathiraki amene timawaona pa Liwonde ndi pa Balaka amachokera kutali, ena ku doko la Beira. Mdani wamkulu wa madalaivala ake ndi tulo.

Ku Ulaya, lamulo la 2006 limati dalaivala akayendetsa maola 4 ndi theka, apume mphindi 45. Kachipangizo kotchedwa tachograph kamalemba nthawiyo. Ku America, kuyambira 2017, makina analowa m'malo mwa buku lolemba pamanja, limene ena ankalembamo kuti apuma pomwe sanapume.

Tiwerenge Eksodo 20. Sabata limapumitsa wantchito ndi ziweto zomwe, osati bwana yekha. Choncho bwana wokakamiza dalaivala kulemba mpumulo wabodza akuswa lamulo lachinayi ndi lachisanu ndi chinayi, ndipo akuika pachiswe miyoyo ya pamsewu.

Tikambirane: ife tikadzalemba anthu ntchito, adzapuma liti?