Nkhono za msuweni wanga zinafa bwanji? Phunziro la mchere, kutentha ndi mpweya

Tsiku lina usiku ndili mkati mochonga mayeso a Fomu 3, foni inalira. Anali msuweni wanga amene amagwira ntchito ku Durban, ku South Africa. Moni sanapereke n'komwe.

"Asuweni, paja inu ndi a sayansi. Tandiuzani, nkhono zanga zikuferanji?"

Ndinaseka, chifukwa kwathu kuno nkhono timazichotsa m'dimba kuti zisadye mpiru, palibe amazilira. Koma iye sankaseka. Msuweni wangayo ali ndi aquarium, thanki yagalasi yosungiramo zamoyo za m'madzi. Mbuna za m'nyanja ya Malawi zimasungidwa m'mathanki otere m'maiko ambiri, koma izo n'za madzi opanda mchere. Thanki yake ndi ya madzi amchere, ya malita 100, ndipo muli tinsomba tiwiri ta clownfish. Ndere zitayamba kumera pagalasi, anagula nkhono khumi za m'nyanja yamchere kuti zizidya nderezo. Patangotha masiku atatu, zisanu ndi ziwiri zinali zitafa. Marandi ake anapita, zamoyo zinafera m'manja mwake, koma tinsomba tija tinali kusambira ngati palibe chachitika.

N'chifukwa chiyani nkhono zinafa nsomba n'kutsala? Yankho lake lili m'mitu imene mukuphunzira kale m'kalasi. Tiyeni tifufuze limodzi monga momwe ine ndi msuweni wanga tinachitira.

Madzi amauluka, mchere umatsala

Funso langa loyamba linali lakuti, "Madzi akachepa m'thankimo, mumawonjezera madzi otani?" Iye anati, "Amchere, nanga si thanki ndi ya madzi amchere?" Pomwepo ndinadziwa kuti tapeza poyambira.

Madzi a m'nyanja zikuluzikulu monga Indian Ocean ali ndi mchere pafupifupi magalamu 35 pa kilogalamu iliyonse. Tinene kuti ndi magalamu 35 pa lita imodzi kuti masamu asavute. Ndiye kuti thanki ya malita 100 ili ndi mchere wokwana magalamu 3500. Tsono madzi akamauluka n'kusanduka nthunzi, amapita okha, mchere sautenga. Mukawiritsa madzi amchere m'poto mpaka kuphwa, pansi pamatsala zoyera. Nyanja ya Chilwa ili choncho: mitsinje imathiramo madzi koma palibe mtsinje wotuluka, madzi amachoka pouluka basi, n'chifukwa chake amamveka kamchere.

Tiwerengere. Malita 10 akauluka, magalamu 3500 aja atsala m'malita 90. Gawani 3500 ndi 90, mupeza pafupifupi 39 pa lita. Msuweni wanga akathiramo malita 10 a madzi amchere, wawonjezera magalamu 350. Thanki yadzadzanso, koma mchere tsopano ndi magalamu 3850. Akabwereza kachiwiri, ukufika 4200, kutanthauza magalamu 42 pa lita. Ndi maso simungaone kusiyana kulikonse. Madzi amaoneka oyera chimodzimodzi.

Apa ndi pamene physics imathandiza. Mchere ukachuluka, density ya madzi imakwera. Paja density ndi kulemera kwa chinthu pokuyerekeza ndi malo amene chikutenga. Madzi wamba ali ndi density ya 1000 kg/m³, pomwe a m'nyanja yamchere ali ndi pafupifupi 1025 kg/m³. Chida choyezera ndi hydrometer, kachubu kolemera kumunsi kamene kamayandama choimirira. Malinga ndi lamulo la Archimedes, chinthu choyandama chimakankha madzi olemera mofanana ndi icho. Madzi akakhala olemera, kachubuko kamangofunika kukankha ochepa, ndiye kamayandama m'mwamba. Osunga nkhono za m'nyanja amafuna hydrometer iziwerenga 1.025 kapena 1.026. Msuweni wanga atabwereka chidachi n'kuyeza, anapeza 1.032.

Osmosis: chimene chinapha nkhono

Mukathira mchere pa kabichi wodula kapena pa tomato, pakapita mphindi zochepa m'mbale mumadzadza madzi. Madziwo achokera m'maselo a ndiwozo. Khungu la selo lili ngati sefa imene imalola madzi kudutsa mosavuta koma mchere ayi. Madzi amayenda kuchokera mbali imene mchere ndi wochepa kupita mbali imene mchere ndi wambiri. Kuyenda kumeneku ndiye osmosis.

Nsomba za m'nyanja yamchere zili ndi njira yodzitetezera. Zimamwa madzi amcherewo, kenako zimatulutsa mchere wowonjezera kudzera m'ziwalo zopumira zimene zili m'mbali mwa mutu. Choncho magazi awo sasintha kwambiri ngakhale madzi akunja asinthe pang'ono. Komanso tinsomba ta msuweni wanga tinali m'thankimo kale, mchere unkakwera pang'onopang'ono ndipo tinazolowera.

Nkhono za m'nyanja zilibe luso limeneli. Madzi a m'thupi mwawo amakhala ndi mchere wofanana ndi wa madzi amene zikukhalamo. Nkhono zija zinachokera kusitolo kumene madzi anali 1.025. Msuweni wanga atafika kunyumba anangomasula jumbo n'kuzikhuthulira m'madzi a 1.032. Nthawi yomweyo madzi anayamba kutuluka m'maselo ake monga amachitira kabichi uja. Nkhono inafa ndi ludzu ili m'madzi. Zikachitika mosemphana, nkhono n'kuponyedwa m'madzi a mchere wochepa, madzi amalowa m'maselo, maselowo n'kutupa mpaka kuwonongeka. Choipa n'chakuti nkhono siifa tsiku lomwelo. Imadzitsekera m'chigoba, imasiya kudya, n'kufa patapita masiku, mwini wake osadziwa kuti vuto linayamba m'mphindi yoyamba ija.

Kutentha ndi mpweya

Tisathamangire kutseka mlandu. Wasayansi amafunsa kuti, kodi palibe china chimene chikanapha nkhonozi?

Nkhono za m'nyanja zimapuma okosijeni wosungunuka m'madzi, ndipo m'madzimo ndi wochepa zedi. Pa 25 °C, lita imodzi ya madzi wamba imasunga okosijeni wokwana mamiligalamu 8 ndi pang'ono, pomwe ya madzi a m'nyanja yamchere imasunga ochepera 7. Mchere ukachuluka, okosijeni amachepa. Madzi akatentha, amachepanso. Munaonapo kuti botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi likakhala padzuwa, mukatsegula limachita thovu lambiri? Mpweya susungika bwino m'madzi ofunda. Pomwepo thupi la nkhono likafunda limagwira ntchito mwachangu ndipo limafuna okosijeni wambiri. Ndiye kuti kufunika kukukwera pamene mpweya wake ukuchepa.

Okosijeni amalowa m'thanki kudzera pamwamba pa madzi, ndipo pampu ndi imene imavundula madziwo kuti mpweya ufike pansi. Magetsi akazima kwa maola angapo, pampu imaima, ndipo zamoyo za pansi zimayamba kubanika.

Thanki ya zamoyo za kumalo otentha imafunika kukhala pakati pa 24 °C ndi 26 °C. Kumbukirani Q = mcΔT. Kwa madzi a m'nyanja yamchere, c ndi pafupifupi 4000 J/kg°C. Thanki yaing'ono ya makilogalamu 20 imafuna majoule 80,000 kuti itenthe ndi digiri imodzi, pomwe ya makilogalamu 200 imafuna 800,000. Choncho thanki yaing'ono ikaikidwa pawindo pamene pamawomba dzuwa, imasinthasintha msanga. Nyanja yeniyeni ndi yaikulu moti kutentha kwake kumasintha pang'onopang'ono, ndipo nkhono zinazolowera moyo wotero.

Palinso nkhani ya kumene nkhono yachokera. Nkhono zina zimene amagulitsa ndi dzina la margarita zimachokera m'madzi ozizira a m'mphepete mwa nyanja ya Pacific, ku North America. Zikaikidwa m'thanki yofunda zimafooka n'kufa msanga, ngakhale zina zonse zili bwino.

Poizoni wosaoneka

Zamoyo za m'thanki zimatulutsa ammonia, ndipo chakudya chotsala chikawola chimatulutsanso yemweyo. Ammonia ndi poizoni. M'thanki yokhazikika muli mabakiteriya amene amamusintha kukhala nitrite, ena n'kusintha nitrite kukhala nitrate amene saopsa kwambiri. Mabakiteriyawa amatenga milungu inayi kapena isanu ndi umodzi kuti achuluke, n'chifukwa chake thanki yatsopano sayikamo zamoyo tsiku lomwelo. Ndipo nkhono imodzi ikafa n'kusiyidwa m'madzimo, imawola n'kutulutsa ammonia wambiri amene angaphe zinzake. Izi zinachitikadi kwa msuweni wanga, chifukwa ziwiri zinafera kuseri kwa miyala osazionera.

Poizoni wina ndi kopa. Nkhono sizipirira kopa ngakhale atakhala wochepa kwambiri. Kale polimbana ndi likodzo, anthu ankathira copper sulphate m'madzi kuti aphe nkhono zimene zimasunga tizilombo ta matendawa. Mankhwala ena ochizira nsomba za m'thanki ali ndi kopa, ndipo madzi odutsa m'mapaipi a kopa angathenso kumutenga. Kopayo amamatirira ku miyala ndi mchenga wa m'thanki n'kumatuluka pang'onopang'ono. Chodabwitsa n'chakuti magazi a nkhono zambiri amanyamula okosijeni pogwiritsa ntchito kopa, osati ayironi monga athu, n'chifukwa chake amaoneka obiriwira ngati mtambo. Chinthu chimodzi chomwecho, chikakhala pamalo pake ndi moyo, chikachuluka ndi imfa.

Chigoba nachonso chili ndi zofuna zake. Chimapangidwa ndi calcium carbonate, zofanana ndi chigoba cha dzira. Ikani dzira m'viniga muone mmene chigoba chimasungunukira. Madzi a m'nyanja ali ndi pH pafupifupi 8.1. Ikatsika kwambiri, kapena calcium akachepa, chigoba chimapyapyala n'kuyamba kubooka.

Njala, kugadabuzika ndi adani

Zifukwa zina sizifuna chida choyezera, zimangofuna maso. Nkhono zikachuluka zimamaliza ndere zonse, kenako n'kufa ndi njala m'thanki yowala bwino. Nkhono za mtundu wa Astraea zikagwa chagada pamchenga zimalephera kudzitembenuza, ndipo ngati palibe woziwongola zimafera pomwepo. Palinso tinkhanu totchedwa hermit crab timene tilibe chigoba cholimba chakechake kumimba, ndiye timakhala m'zigoba za nkhono. Tikakula n'kusowa chigoba chopanda mwini, timapha nkhono kuti tilande nyumba.

Zimene tinachita

Ndinamuuza msuweni wanga kuti asatsitse mchere tsiku limodzi, chifukwa kutero kukanakhala kubwereza kulakwitsa komwe kuja. Anachotsa zakufa zonse. Nkhono yakufa siisowa: imanunkha koopsa, ndipo ukakhudza kachitseko ka pakamwa pa chigoba sikabwerera m'kati. Kenako kwa masiku angapo ankachotsako madzi pang'ono n'kuthiramo opanda mchere, akuyeza tsiku ndi tsiku mpaka hydrometer inabwerera pa 1.026. Anajambula mzere pagalasi, ndipo tsopano madzi akatsika amawonjezera opanda mchere kufika pamzerewo.

Atagula nkhono zina, anayamba wayandamitsa jumbo m'thanki kwa mphindi 15 kuti kutentha kufanane. Kenako anaziika m'kabeseni n'kumadonthezamo madzi a m'thanki kudzera m'kapaipi kopyapyala, dontho limodzilimodzi, kwa ola lathunthu. Zitatu zotsala zija zinachira, ndipo zatsopanozo zili moyo mpaka lero. Akaimba foni masiku ano amayamba wapereka moni.

Yesani nokha

Musathire mchere pa nkhono ya m'dimba kuti muone osmosis. Mbatata ya kachewere ikukwanirani. Dulani tizidutswa tiwiri tofanana, yezani kutalika kwake ndi rula. Kamodzi kaikeni m'kapu ya madzi wamba, kena m'kapu ya madzi amene mwasungunulamo masupuni awiri a mchere. Pakatha ola limodzi, yezaninso ndipo muyese kutipinda. Lembani zimene mwaona.

Pangani hydrometer yanu. Tsekani kumunsi kwa straw ndi phula la kandulo, thiranimo timchenga mpaka iziyandama choimirira. Chongani pamene madzi wamba akufika, kenako iikeni m'madzi amchere n'kuchonganso.

Mafunso oti muganizire

1. Thanki ili ndi malita 60 a madzi okhala ndi mchere wa magalamu 35 pa lita. Malita 6 auluka. Kodi lita iliyonse ili ndi mchere wochuluka bwanji tsopano?
2. Hita ya mawati 100 yawonongeka, sikuzimanso yokha. Idzatenga mphindi zingati kuti itenthetse makilogalamu 20 a madzi a m'nyanja ndi digiri imodzi, tikanena kuti kutentha sikukutayika?
3. Fotokozani chimene chingachitikire nkhono ya m'nyanja yamchere ikaponyedwa m'nyanja ya Malawi.

Yesani kuyankha musanaone buku, ndipo funso lachitatulo mukakambirane ndi aphunzitsi anu a biology.