Kusambira m'maenje a mizinga

Funso: Kodi n'zoona kuti ku America anthu amasambira pansi pa madzi m'maenje momwe asilikali ankasungiramo mizinga? (Wowerenga wa ku Chiradzulu)

Yankho: N'zoona. Pafupi ndi Royal City, m'chigawo cha Washington, pali dzenje la mzinga wa Titan I lomwe asilikali analisiya mu 1965, madzi a pansi panthaka n'kudzazamo. Osambira amatsika atabereka botolo la mpweya, tochi ili m'manja, poti m'katimo muli mdima bii ndipo madzi ndi ozizira kwambiri. Pobwerera amakwera pang'onopang'ono, chifukwa kufulumira kumayambitsa timathovu ta mpweya m'magazi, tomwe timatha kupha. Kuno kwathu lusoli limaphunzitsidwa ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay. Maenje okumbamo miyala akadzaza madzi a mvula si poyeserera ayi.