Masiku 40 a Nineve

Chenjezo la chiweruzo limadza chilango chisanafike, ndipo mpata wa pakatiwo ndi woti munthu alape. Yeremiya 18 amanena poyera kuti mtundu wochenjezedwa ukatembenuka mtima, Mulungu amabweza tsoka limene adaukonzera.

Zidatero ku Nineve, mzinda wa Asuri umene mabwinja ake ali ku Mosul, m'dziko la Iraq. Yona adalengeza kuti mzindawo uwonongedwa pakatha masiku 40, osatchula n'komwe za chikhululukiro. Komabe mfumu idavula mkanjo wachifumu, n'kuvala chiguduli, n'kukhala paphulusa. Idalamula kuti anthu ndi ziweto zomwe asadye kapena kumwa madzi. Mulungu ataona kuti asiyadi zoipa zawo, adauleka mzindawo, ndipo anthu oposa 120,000 adapulumuka.