Mtima ukati thawa: namwino ayankha makalata a omvera a ku Mulanje

Pulogalamu ya zaumoyo imene imaulutsidwa madzulo pa wailesi ina ya m'dera ku Mulanje imalandira kwambiri mafunso a malungo, kuthamanga kwa magazi ndi kulera. Koma sabata ina muulutsi atasanthula makalata ndi mauthenga apafoni, anapatula anayi. Olembawo sadziwana, koma dandaulo lawo linali limodzi: pali chinthu chimene akudziwa kuti n'chofunika kuchita, komabe kukacha amachizemba. Woyankha anali namwino wa za matenda a maganizo, mayi amene wagwira ntchito zaka zambiri m'zipatala za m'chigawo cha kumwera.

Kalata yoyamba inachokera ku Muloza, m'dera la mfumu yaikulu Njema. "Ndine mayi wa ana anayi," muulutsi anawerenga. "Chiwombereni namondwe wa Freddy sindinapondeko kudimba kwanga kumtsinje. Ndikangoona mitambo yakuda pamwamba pa phiri, mtima umagunda, miyendo imazizira, ndimalowa m'nyumba n'kudzitsekera. Dimba lasanduka thengo. Apongozi akuti ndi ulesi. Kodi mutu wanga wasokonekera?"

"Mayi, mutu wanu uli bwino, ndipo si ulesi ayi," anayankha namwinoyo mosachedwa. Anakumbutsa omvera zimene dera limenelo linaona mu Malichi 2023, pamene mvula inagwa masiku angapo osakata, madzi osakanikirana ndi matope ndi miyala n'kutsika m'phiri kudzakokolola nyumba, minda ndi milatho. Anthu mazanamazana anataya miyoyo m'chigawo cha kumwera, ndipo oposa 500,000 anasowa pokhala. Freddy anabwera mabala a namondwe wa Ana wa mu Januwale 2022 ndi a Idai wa mu Malichi 2019 asanapole. Akuluakulu amakumbukanso Napolo wa mu Malichi 1991 ku Phalombe, nthawi imene dera limenelo linali likadali mbali ya boma la Mulanje. Munthu amene wapulumuka zoterezi, thupi lake limasunga phunziro lakuti mtsinje ndi mitambo zimapha, ndipo limachenjeza mwini wake ngakhale tsiku loti kunja kuli ngwee.

Chimene chimakhalitsa manthawo zaka, malinga ndi namwinoyo, ndi kuzembako. Katswiri wa ku America, O. Hobart Mowrer, anafotokoza zimenezi m'zaka za m'ma 1940: mantha amayamba ndi ngozi yeniyeni, koma munthu akathawa chimene akuopa, mtima umakhala pansi nthawi yomweyo, ndipo mpumulo umenewo umaphunzitsa ubongo kuti kuthawa ndiko kwam'pulumutsa. Mawa lake kuthawa kumabwera kokha. Ubongo supeza mpata woona kuti lero kudimba kunalibe choopsa. "Kuzemba kuli ngati ndalama za katapila," anatero namwinoyo. "Zimakupumitsani lero, koma mawa mumabweza ndi chiwongoladzanja."

Kenaka anawayalira mayiwo chochita. Asankhe m'mawa wopanda mitambo, atenge mnzawo amene amamukhulupirira, ayende mpaka pamalo pamene dimba likuonekera patali, aime pamenepo. Mtima ugunda ndithu, ndipo asadabwe nazo. Chofunika n'kusabwerera mantha ali pachimake, chifukwa kutero n'kubwereza phunziro lakale lija. Adikire, mantha amatsika okha munthu akapirira kanthawi. Achite chimodzimodzi masiku atatu kapena anayi, kenaka asunthe n'kukafika m'mphepete mwa dimba. Sabata yotsatira anyamule khasu akalime mphindi khumi zokha.

Muulutsi anafunsa chimene munthu angachite ndi mtima umene ukugundawo. Namwinoyo anati munthu akachita mantha amapuma mothamanga ndi pachifuwa, zomwe zimabweretsa chizungulire ndi dzanzi m'zala, ndipo zizindikiro zimenezo zimamuopsezanso. Mankhwala ake ndi kupuma mofatsa: kukokera mpweya m'mphuno mpaka mimba itafufuma, kuwerenga mpaka 3, n'kuutulutsa pang'onopang'ono kuwerenganso mpaka 3, kwa mphindi ziwiri. Anati mayiwo aziyeserera m'mawa ndi madzulo mtima uli m'malo, kuti tsiku la mantha thupi lidzakhale litazolowera kale.

Koma anachenjeza mwamphamvu kuti si mantha onse oyenera kuthetsedwa. A nthambi ya zanyengo kapena a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ya DoDMA akalengeza za mvula yamphamvu, kusamukira kumtunda ndi nzeru. Mtsinje wa Muloza, Ruo, Lichenya kapena Likhubula ukadzaza suwolokedwa. Ngati mtsinje unasintha njira n'kudutsa pafupi ndi dimbalo, mayiwo afunse kaye alangizi a zaulimi ndi komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Ndipo ngati amalota zoopsa usiku ndi usiku, kapena zimene anaona zimawabwerera m'maso ngati zikuchitika tsopano, apite kuchipatala kuti ulendo wa kudimbawo akaukonze pamodzi ndi namwino.

Kalata yachiwiri inali ya bambo wogulitsa kaunjika pamsika wa Limbuli. Anakongola ndalama ku banki nkhonde, belo linatuluka ndi zovala zosayenda malonda, ndipo tsopano miyezi yadutsa osabweza. Foni amaithimitsa, kumsonkhano wa gulu sapitako, akaona msungichuma panjira amakhotera m'chimanga. Ngakhale mkazi wake sadziwa kuti ngongoleyo yafika pati.

Muulutsi anaponyapo mwambi wakuti zengerezu adalinda kwawukwawu, koma namwinoyo anati bamboyo mwambiwo amaudziwa kale, ndipo kumukalipira sikungayatse foni. Chimene chikumumanga ndi manyazi. "Achimwene, usiku uno musapite kwa munthu aliyense," anatero. "Tengani kope, lembani ndalama zimene munatenga, zimene mwabweza ndi zimene zatsala. Basi, ntchito ya lero ndi imeneyo." Anafotokoza kuti ngongole imene munthu akuopa kuiwerengera imakula m'maganizo kuposa mmene ilili, pamene yolembedwa papepala ili ndi malire ndipo ingathe kugawidwa. Mawa lake auze mayi a kunyumba, chifukwa kumva kwa anthu a pamsika kungawapweteke kuposa kumva kwa mwamuna wawo.

Za kukaonana ndi a gulu, namwinoyo anati mawu akuti "ndidzapita" sakwanira. Katswiri wa ku Germany, Peter Gollwitzer, anaonetsa m'zolemba zake za mu 1999 kuti anthu amene amatchuliratu tsiku, nthawi ndi malo ochitira chinthu amachichitadi kawirikawiri kuposa amene amangokhala ndi cholinga. Choncho bamboyo anene kuti: Lachinayi ndikatseka benchi, ndipita kunyumba kwa wapampando, ndili ndi kope langa ndi kandalama kalikonse kamene ndapeza. Akapemphe kubweza pang'onopang'ono sabata ndi sabata, ndipo asayerekeze kutseka ngongoleyo ndi ngongole ina. Apa mawu a namwinoyo anatsika. Anati malipoti apolisi m'dziko muno amatchula ngongole kawirikawiri pakati pa zifukwa zimene abambo amadzichotsera moyo, ndipo aliyense amene maganizo amenewo amufikira auze munthu tsiku lomwelo, kaya ndi m'bale, m'busa, shehe kapena wachipatala.

Yachitatu inali yaifupi. Bambo wothyola tiyi pa esiteti ina wakhala akutsokomola kupitirira mwezi, akuonda, usiku amatuluka thukuta, koma akuopa kuti kuchipatala akamupeza ndi matenda aakulu.

Yankho nalo linali lalifupi. "Bambo, nkhani yanuyi si ya pang'onopang'ono. Pitani mawa." Chifuwa chopitirira masabata awiri chimafunika kuyezetsa makhololo. M'zipatala za boma kuyeza TB ndi HIV n'kwaulere, TB imachizika ndi mankhwala amene kawirikawiri amamwedwa miyezi 6, ndipo wochedwa kupita amapatsira ana amene amagona nawo m'nyumba imodzi. Ngati miyendo ikulemera, apemphe mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi kapena mnzake wa kuntchito amuperekeze, ndipo buku la kuchipatala aliike m'thumba usiku womwewo.

Kalata yomaliza inalembedwa ndi mtsikana wa kwa Chonde amene sanakhoze mayeso a MSCE. Makolo akufuna alembenso, iye naye akufuna, koma mabuku akawaona mutu umalemera. Amadzuka dzuwa lili pamutu, amaswera pa Facebook, anzake amene anakhoza sawayankha. "Ndikudikira kuti mtima wofuna kuwerenga ubwerere," analemba motero.

"Mwanangu, mtima umenewo subwera ukakhala pamphasa," anatero namwinoyo. "Umabwera ntchito itayambika." Anati zimenezi si malangizo a kumudzi chabe. M'zaka za m'ma 1970, Peter Lewinsohn wa ku America anaona kuti munthu wokhumudwa amasiya zinthu zimene zinkamupatsa chimwemwe ndi chikhutiro, ndipo akazisiya kukhumudwako kumakula. Pa maziko amenewo panamangidwa chithandizo chothandiza munthu kubwerera ku zochita zake pang'onopang'ono, mosadikira kuti ayambe wamva bwino. Kafukufuku wa ku England wa anthu 440, amene anasindikizidwa mu magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2016, anapeza kuti njira imeneyi imathandiza mofanana ndi uphungu wina wodula, ngakhale ikaperekedwa ndi anthu amene sanaphunzire zaukatswiri zaka zambiri. Chaka chomwecho bungwe la WHO linatulutsa ndondomeko yotchedwa Problem Management Plus, yothandiza anthu a m'madera amene mwagwa mavuto, ndipo m'misonkhano yake isanu muli kupuma mofatsa, kugawa vuto m'zidutswa, kuyambiranso zochita ndi kulimbitsa ubale ndi anthu. Ku Harare, Dr Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench, kumene agogo ophunzitsidwa amakhala pabenchi pafupi ndi chipatala n'kumathandiza anthu kusankha vuto limodzi loyamba nalo.

Kwa mtsikanayo, namwinoyo anati ayambire pathupi. Azidzuka nthawi imodzimodzi tsiku lililonse, asambe, adye kanthu, atuluke panja kukatunga madzi kapena kusesa pabwalo. Usiku foni izigona kutali ndi mphasa. Akatero, asankhe phunziro limodzi, makamaka limene ankalikonda, awerenge mphindi 15 akangomaliza kumwa phala, n'kuchonga pakalendala. Sabata yoyamba asawonjezere ngakhale atafuna. Apezenso mnzake mmodzi amene akubwereza mayeso kuti azikumana kawiri pasabata, ndipo afunse pasukulu yapafupi za nthawi yolembetsa ku MANEB isanatsekedwe.

Muulutsi anafunsa za tsiku limene mwanayo adzalephere kudzuka. Namwinoyo anati tsiku limenelo lidzafika, ndipo chimene chimagwetsa anthu ambiri ndi kudzinyoza kumene kumatsatira. Anatchula kafukufuku wa mu 2010 wa pa yunivesite ya Carleton ku Canada, amene anapeza kuti ophunzira amene anadzikhululukira chifukwa chozengereza pokonzekera mayeso oyamba sanazengereze kwambiri pa mayeso otsatira. Wodzitukwana amamva kuwawa akaona buku, ndiye amalithawanso. Anapempha makolo ndi apongozi amene ankamvetsera kuti asiye mawu akuti waulesi, m'malo mwake azifunsa kuti ndikuperekeze kuti, kapena tiyambire pati.

Nthawi itatsala pang'ono, namwinoyo anatchula zizindikiro zimene siziyenera kuthera pa malangizo a pawailesi: kukhala wokhumudwa masabata awiri kapena kupitirira, kusowa tulo, kusafuna chakudya, kulephera kusamalira ana, kumwa mowa kuti uiwale, ndi maganizo ofuna kudzipha. Woona zimenezi apite ku chipatala cha boma cha Mulanje, ku Mulanje Mission kapena ku chipatala chaching'ono cha m'dera lake, akanene momveka kuti vuto lili m'maganizo. Amene ali kutali angathe kuimba ku Chipatala Cha Pa Foni. Muulutsi anapempha olemba anayi aja kuti pakatha mwezi adzalembenso kunena pamene afika, n'kulengeza kuti sabata yotsatira adzawerenga makalata a amayi amene amuna awo amamwera malipiro onse pa tsiku lolandira.