Mlendo Akhala Pati pa Mphete ya Benzene?

Woulutsa: Kalata yoyamba yachokera kwa Mfumu Nyalugwe. Walemba ndi mnyamata wa pa University of Zambia amene ali kumudzi pa holide. Akuti: "Aphunzitsi, buku likunena kuti chlorine imachedwetsa benzene kulandira gulu latsopano, komabe imalitumiza pa ortho ndi para monga amachitira magulu ofulumizitsa. Kodi silinalakwe?"

Aphunzitsi: Silinalakwe, mwanangu, koma tiyambe ndi kukokera omvera anzathu pafupi. Benzene ndi maatomu 6 a carbon okhala mozungulira, ngati anthu ozinga mbale ya nsima, ndipo nsimayo ndi maelekitironi amene onse akudyera limodzi. Pabwera mlendo wanjala, electrophile. Amapeza malo pokhapokha hydrogen mmodzi atanyamuka, koma bwalo silipasuka. Ndiye ngati pamphetepo pali kale gulu lina, ndilo limalozera mlendo pokhala: pambali pake penipeni ndi ortho, kudumpha mpando umodzi ndi meta, moyang'anizana nalo ndi para.

Chlorine ili ndi manja awiri. Ndi dzanja limodzi imakoka maelekitironi kuchoka m'mbale, n'chifukwa chake nitric acid imagwira chlorobenzene mochedwa pafupifupi ka 30 kuposa benzene. Koma mlendo akangotera pa ortho kapena para, mphete imatsala ndi ngongole ya maelekitironi, ndipo mbali ya ngongoleyo imagwera carbon amene wanyamula chlorine. Apo chlorine imatambasula dzanja linalo n'kubwereketsa maelekitironi ake awiri. Pa meta ngongole sifika pakhomo pake, choncho singathandize. Liwiro ndi nkhani ina, malo ndi nkhani inanso. Ambiri amagwa mayeso posakaniza ziwirizi.

Usayese kuti ndi za m'buku chabe. Kuno kuchigwa cha Luangwa udzudzu timaudziwa. DDT, imene Paul Müller anaitulukira mphamvu yopha tizilombo mu 1939, ndipo inapoperedwa m'nyumba ku Chingola ndi Chililabombwe mu 2000 polimbana ndi malungo, imapangidwa pophatikiza chlorobenzene ndi chloral mu sulphuric acid. Mphete ziwiri za chlorobenzene zimalumikizika makamaka pa para, chifukwa mlendoyo ndi wonenepa, pa ortho pamamuthina.

Woulutsa: Yachiwiri ndi ya mayi wina wogulitsa nthochi pa Nyimba, m'mbali mwa Great East Road. Akuti mwana wawo anawauza kuti Panado ndi wachibale wa mankhwala otsukira zimbudzi. Achita mantha.

Aphunzitsi: Amayi, mwanayo sananame kwenikweni, koma mtima ukhale m'malo. Njira yakale yopangira paracetamol, mankhwala amene ali mu Panado, imayambiradi pa phenol, mankhwala oyabwa ophera majeremusi. Phenol ali ndi gulu la OH, lowolowa manja kwambiri, moti nitric acid yosungunula ndi madzi imakwanira kuikapo gulu la nitro pa ortho ndi para. Wa ortho amamuchotsa ndi nthunzi, wa para ndiye amamusandutsa amine, kenako n'kumuveka gulu la acetyl. Dzina loti paracetamol likuyamba ndi mpando womwewo, para. Chotulukapo si phenol ayi, monganso nsima si mgaiwa wouma.

Chimene ndimaopa ine ndi china, amayi. Malungo akakugwirani musamangomeza Panado kuti mubwerere pamsika. Amatsitsa kutentha thupi koma kachilombo sakapha, ndipo wamkulu akapitirira magalamu 4 patsiku, ndiwo mapilitsi 8 a mamiligalamu 500, chiwindi chimatha kuwonongeka. Pitani kuchipatala akakuyezeni magazi.